Ndinapita kukaona mbalame, ndinangoona matope

Funso: Ndimagwira ntchito ku Cape Town. Mu Julayi ndinapita ku Langebaan, m'mphepete mwa nyanja yamchere kumpoto kwa Cape Town, kukaona mbalame, koma ndinangoona matope okhaokha. Ndinalakwitsa pati? (Mayi wa ku Dunoon)

Yankho: Mayi, munapita eni ake atachoka. Mbalame zambiri zodya m'matopemo zimachokera kutali, ku Siberia m'dziko la Russia, zimafika cha mu Seputembala n'kubwerera cha mu Epulo kukaikira mazira. Mupitenso mu Febuluwale, mukakhale m'kanyumba kobisalamo ku Geelbek, mu West Coast National Park, kufupi ndi Langebaan komweko. Mufunsiretu nthawi imene madzi akwere, poti madzi a kumeneko amakwera ndi kuphwa tsiku lililonse. Akaphwa, mbalame zimakadyera kutali. Akamabwerera amazikankhira pafupi, mpaka mumaona milomo yokhota ikutokosa matope. Ine ndinaiwalako jekete tsiku lina, mphepo yake si yamasewera.