Chimene tingasiyire ana pamene chuma palibe

Mayi, mwafunsa kuti munthu wopanda nyumba kapena ndalama angasiyire ana ake cholowa chotani chokondweretsa Mulungu. Ndikuyankhani poyerekeza mafumu awiri a ku Yerusalemu.

Davide ankafunitsitsa kumanga kachisi, koma Mulungu anamukaniza chifukwa anakhetsa magazi ambiri pankhondo. Sanakhumudwe n'kupinda manja. Pa 1 Mbiri 22 tikumuona akusonkhanitsa miyala yosema, chitsulo cha misomali, mkuwa ndi mitengo ya mkungudza, podziwa kuti mwana wake Solomo, amene anayenera kudzamanga kachisiyo, anali wamng'ono ndi wosazolowera ntchito yaikulu chotero. Anatopera nyumba imene maso ake sanadzaione.

Hezekiya ndiye amandidetsa nkhawa, chifukwa anali mfumu yabwino ndithu. Anagwetsa malo opembedzerapo mafano, ndipo atadwala n'kupemphera molira, Mulungu anamuwonjezera zaka 15. Koma Yesaya atamuuza kuti chuma chake chidzatengedwa kupita ku Babulo pamodzi ndi ena mwa zidzukulu zake, iye anavomera mawuwo mtima uli m'malo, poganiza kuti bola m'masiku ake mukhala mtendere. Ali yekha pangozi analira, koma za zidzukulu sitiwerenga kuti anagwetsa msozi. Mwana wake Manase analowa ufumu ali ndi zaka 12, analamulira zaka 55, ndipo anamanganso zonse zija bambo ake anagwetsa.

Sindikunena kuti mwana akasokera ndiye kuti kholo linalephera, ayi. Samueli anali wolungama, komabe ana ake, Yoweli ndi Abiya, ankalandira ziphuphu. Mwana aliyense amadzasankha yekha njira, ndipo makolo amene akulira chifukwa cha ana osamvera tisawawonjezere katundu.

Tsono pa nkhani ya kusowa chuma ija, taganizirani za Loisi ndi Yunike, agogo ndi amayi ake a Timoteo. Malemba satchula munda kapena nyumba yawo, ndipo bambo wa mnyamatayo anali Mgiriki. Chimene Paulo anakumbukira ali m'ndende n'chakuti chikhulupiriro chopanda chinyengo chinayamba kukhala mwa amayi awiriwa, ndiponso kuti Timoteo anadziwa Malemba kuyambira ali wakhanda. Mawu akuti chopanda chinyengo ndi amene ine amandilasa, pakuti mwana amaona mmene kholo limalankhulira likapsa mtima, mmene limabwezera ngongole ndiponso ngati limapepesa likalakwa, ndipo zimenezi amaziona asanadziwe n'komwe kuwerenga.