Magetsi a pamalo oonerapo mtsinje wa Zambezi

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kuika mababu akuluakulu oyera pamapolo ataliatali pamalo opumulirapo anthu m'mbali mwa Zambezi, mumzinda wa Tete. Ine ndikuti ayi. Anthu amabwera pamenepo dzuwa litalowa, kudzapitidwa mphepo ndi kuona madzi komanso mlatho wa Samora Machel. Mukawathira kuwala kwamphamvu m'maso, mtsinje wonse umangooneka bii, ndiye abwereranji?

Ikani magetsi ang'onoang'ono ounikira pomwe phazi likuponda: pamasitepe, m'njira ndi kunsi kwa chitsulo chogwirira. M'mphepetemo ndiye musaumire ayi, chifukwa m'madzimo muli ng'ona ndi mvuu, ndipo mwana ayenera kuona bwino pomwe mtunda wathera. Getsi lililonse likhale ndi chivindikiro choti kuwala kuloze pansi, kusamwazikire pamadzi.

Sankhani LED yowala mwachikasu, ya 2700K kapena 3000K (manambalawa amasonyeza mtundu wa kuwala kwa babu). Yoyera mbee ya 6500K ija imaitana tizilombo touluka tochuluka, moti munthu sangakhale pabenchi n'kumadya nsomba yake mwamtendere.

Musaiwale kutentha kwa kuno. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo mabatire a sola amatha msanga akamapsa ndi dzuwa, choncho bokosi lake likhale pamthunzi polowa mphepo. Gulani magetsi olembedwa IP65, chizindikiro choti salowa fumbi ndi mvula. Mawaya ndi mabokosi akhale kumtunda kwa pomwe madzi amafika akasefukira, makamaka akatsegula zitseko za damu ku Cahora Bassa. Funsani asodzi a pamalopo, akulozerani malirewo.