Kodi makina angachite tsankho, kapena amangokondera?

Mphunzitsi wina wa pa sekondale ku Dedza, yemwe amaphunzitsa Computer Studies ana a Fomu 3, watilembera chonchi: "Ndimafuna kufotokozera ana anga nkhani ya 'bias' mu AI (mapulogalamu a kompyuta amene amaphunzira kuchokera ku zitsanzo), kuti zimayamba bwanji kuti makina aziweruza anthu mosiyana. Ndikafotokoza mchizungu amangoloweza, ndiye ndinayesa mChichewa kuti makinawa amachita tsankho. Mtsikana wina anandifunsa kuti chinthu chopanda mtima chingachite tsankho bwanji? Mnzanga wa mu staff room akuti ndizingonena kuti bayasi basi. Mawu oyenera ndi ati?"

Aphunzitsi, zikomo, ndipo mtsikana ameneyo mumusamale chifukwa khutu lake likumva Chichewa bwino kuposa anthu ambiri amene amawerenga nkhani pa wailesi masiku ano. Wagwira pamene pali nkhani.

Ndiyambe ndi mnzanu wa bayasi uja. Mawu amenewa si achilendo kwa ife ayi, koma eni ake ndi atelala. Ine ndinakula ndikuwamva pa khonde la sitolo pamene amalume anga ankasokera, mayi akabwera ndi nsalu ya diresi ankauzidwa kuti pakhosi pano tiikapo bayasi, kutanthauza kansalu kodula mopingasa kamene amapindira m'mphepete. Azungu nawonso mawuwo anachita kubwereka ku Chifalansa, kumene ankatanthauza chinthu chopendekeka, chosawongoka. Ndiye mukauza mwana wa ku Dedza kuti kompyuta ili ndi bayasi, ngati mayi ake amasoka aganiza za diresi, ngati sasoka ndiye palibe chimene wamva, wangoonjezera mawu ena oloweza. Kubwereka mawu ine sindidana nako, foni ndi foni, kompyuta ndi kompyuta, data tingoti data. Koma kubwereka pamene nkhokwe yako ili yodzaza ndi ulesi, ndipo ulesi umenewu wachuluka zedi, munthu amatha kuyankhula pa wailesi mphindi khumi za "ma issues a bias" agogo kumudzi osatolapo kanthu.

Tsono tsankho. Mawu amenewa ndimawakonda chifukwa amaonetsa mmene chiyankhulo chathu chimapangira mayina. Amachokera ku mneni kusankha. S uja analimba nkukhala ts, monga mmene zilili ndi tsamba ndi masamba, tsiku ndi masiku, tsoka ndi masoka, ndipo ndi khalidwe lomwelo limene timaona pa phiri ndi mapiri, khutu ndi makutu, thumba ndi matumba. Kalekale mayina a gulu limeneli anali ndi li- kutsogolo, li- uja anagwa koma anasiya chizindikiro polimbitsa lemba loyamba. Ndiye tsankho kwenikweni ndi kusankha kumene kwasanduka chinthu, kusankha koipa, koti uyu ndi wathu uyu si wathu. Ndipo ndi mawu olemera. Ndi amene tinkatchulira ulamuliro wa azungu ku South Africa usanathe mu 1994, ndi amene timatchula tikamadandaula za mitundu ndi zigawo pa nkhani ya ntchito kwathu kuno. Munthu akamva tsankho amaona nkhope ya wina amene wadziwa bwinobwino chimene akuchita. Nchifukwa chake mwana uja anakana, ndipo sanalakwe.

Kukondera ndi kopepukirapo. Ndi kukonda komwe kuja kwalandira -era, kukonda kolowera mbali imodzi. Refa wakondera, mayi akukondera mwana wa chisamba, mfumu yakondera pa mlandu wa munda. Apa sitifunsa kwambiri za mumtima, timangoona zotsatira, kuti mbali ina yapindula pomwe siimayenera. Munthu amatha kukondera asakudziwa nkomwe, ndipo apa mpamene tayandikira zimene makina amachita.

Koma pali mawu achitatu amene anthu amawaiwala, ndipo ine ndingakonde atabwerera m'kalasi: kupendekera. Timati dzuwa lapendeka, khoma lapendekera uku. Taganizani sikelo ya mavenda ogula soya kapena chimanga imene yaseweretsedwa. Sikeloyo ilibe chidani ndi mlimi, siidziwa nkomwe kuti pali mlimi, koma thumba lililonse limene lakwerapo limapepuka ndi makilo angapo, lero mawa mkuja, ndipo wolira ndi yemweyemweyo. Mukawauza ana kuti makina a AI amakhala opendekera mbali imodzi, funso limabwera lokha, anawapendeketsa ndani, nanga zinatheka bwanji? Phunziro lanu lonse lagona pa funso limeneli.

Chifukwatu makinawa saphunzira ngati mwana amene amafunsa kuti bwanji. Amapatsidwa zitsanzo zambirimbiri, zithunzi, makalata, mawu a pa intaneti, nkumafufuzamo zimene zimabwerezabwereza, basi nkumalosera kuti china chikubwerachi chifanana ndi zimene anaona kale. Zimene sanaonetsedwe sazidziwa. Mu 2018 Joy Buolamwini wa ku yunivesite ya MIT ku America, amene makolo ake ndi a ku Ghana, pamodzi ndi Timnit Gebru wobadwira ku Ethiopia anayesa mapulogalamu atatu a makampani, kuphatikizapo IBM ndi Microsoft, ongoyang'ana nkhope nkunena ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Pa amuna akhungu loyera ankalakwitsa osapitirira 0.8 peresenti, koma pa akazi akhungu lakuda kulakwitsa kunafika 34.7 peresenti. Atayang'ana milu iwiri ya zithunzi imene akatswiri ankayesera mapulogalamu otere anapeza kuti pafupifupi 80 peresenti mu mulu wina, ndi 86 peresenti mu winawo, zinali za anthu akhungu loyera, mpaka iwo anachita kusonkhanitsa mulu wawo pogwiritsa ntchito zithunzi za aphungu a nyumba za malamulo za Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden. Apa ndiye mubwerere ku kusankha kuja. Pali munthu amene anasankha zithunzi, mwina analibe choipa mumtima, anangotola zimene zinali pafupi, koma kusankha kwakeko kunasiya ena kunja.

Nthawi zina zitsanzo zimakhala zokwanira ndithu koma mbiri yake ndiye yoipa. Kampani ya Amazon inayamba mu 2014 kupanga pulogalamu yosefa ma CV a ofunsira ntchito, nkuiphunzitsa ndi ma CV amene analandira pa zaka 10 zapitazo, ambiri mwa iwo a amuna chifukwa ntchito za makompyuta zinadzaza amuna. Pulogalamuyo inaphunzira yokha kutsitsa malikisi a CV imene munali mawu achizungu otanthauza kuti "cha akazi", monga mtsikana akalemba kuti anali kaputeni wa timu ya akazi. Atolankhani a bungwe la Reuters anaulula nkhaniyi mu 2018, ndipo kampaniyo inali itaisiya pulogalamuyo. Palibe analemba lamulo loti akazi ayi. Tsankho linali kale pakati pa anthu, makina anangolipeza m'mafayilo nkuliyesa lamulo.

Njira ina ndi yobisika kwambiri ndipo ana anzeru amaikonda. Mu 2019 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa Ziad Obermeyer ndi anzake pa pulogalamu imene zipatala za ku America zinkagwiritsa ntchito posankha odwala ofunika chisamaliro chapadera. Opanga ake ankayeza kudwala ndi ndalama zimene munthu wawonongera ku chipatala, poganiza kuti wodwala kwambiri amalipira zambiri. Koma anthu akuda kumeneko ankawononga ndalama zochepa ngakhale akudwala mofanana ndi azungu, chifukwa cha umphawi ndi kuvutika kufika kwa dokotala, ndiye makina ankawaona ngati ali bwinoko. Ofufuzawo anawerengera kuti cholakwikacho chitakonzedwa, odwala akuda mwa olandira thandizo lapaderalo akanakwera kuchoka pa 17.7 kufika pa 46.5 peresenti. Mtundu wa munthu sunalembedwe paliponse mu pulogalamuyo, unalowera pa khomo la ndalama. Afunseni ana anu kuti wina atapanga pulogalamu yopereka ngongole poyang'ana mmene munthu amagulira mayunitsi ndi bando, mayi wa kumudzi amene amabwereka foni ya mwamuna wake angaoneke bwanji kwa makinawo. Muona manja akukwera.

Koma chitsanzo chimene ndikufuna musachisiye chili mkamwa mwathu momwemu. Chichewa chilibe mawu osiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo. Iye ndi iye basi, kaya ndi agogo aamuna kaya ndi mtsikana, ndipo mneni nawonso susintha, wapita ndi wapita. Ine ndimanena mosaopa kuti apa chiyankhulo chathu chinaposa Chizungu, chimene chimakukakamiza kunena ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi ngakhale nkhaniyo isakukhudza zimenezo. Ndiye makina omasulira akakumana ndi "iye ndi dokotala" ayenera kulosera, ndipo amalosera potengera zimene anawerenga kwambiri. Chiyankhulo cha ku Turkey chilinso chimodzimodzi, ali ndi kamawu kamodzi koti "o", ndipo anthu anadandaula kwambiri ataona kuti Google Translate ikumasulira dokotala kukhala mwamuna, namwino kukhala mkazi, mpaka mu 2018 a Google anayamba kuonetsa matanthauzo onse awiri pa ziganizo zina za chiyankhulocho. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014. Ngati pa sukulu panu pali foni ngakhale imodzi ya intaneti, ana alembe okha ziganizo, iye ndi injiniya, iye akuphika nsima, iye ndi mfumu, iye akulera mwana, iye akuyendetsa lole, azimasulire mchizungu pa Google Translate, nkuwerenga kuti ndi zingati zatuluka mwamuna ndi zingati mkazi. Musawauziretu yankho, ndipo chilichonse chimene chituluke achilembe mmene chilili, ngakhale chitasiyana ndi zimene mumayembekezera.

Kenako muwafunse kuti makinawa Chichewa anachiphunzira kuti. Chichewa cholembedwa chimene chili pa intaneti nchochepa, ndipo gawo lalikulu ndi la Baibulo ndi mabuku a mipingo, kwinako nkhani za m'nyuzipepala. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Chichewa chake nchokoma koma si chimene mayi wogulitsa tomato pa Lizulu amayankhula. Nchifukwa chake kawirikawiri makina akamalemba Chichewa amamveka ngati mlaliki, ndipo ukawapatsa Chinyanja cha ku Lusaka kapena mayankhulidwe a achinyamata a ku Ndirande amasokonezeka. Nanga Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena? Kumeneko zolembedwa nzochepa kuposanso. Ndipo pano ndidandaule pang'ono, ife eni ake tili ndi mbali yathu. Bungwe loyang'anira chiyankhulochi la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, mu 1996 ntchito inapita ku Centre for Language Studies, Mtanthauziramawu wa Chinyanja unatuluka mu 2000, koma ophunzira athu ambiri akafuna kulemba nkhani yozama amathawira ku Chizungu, Chichewa amachisiyira nthabwala ndi mauthenga a maliro pa WhatsApp. Makina adzaphunzira za ulimi, za malamulo, za sayansi mChichewa kuchokera kwa ndani ngati ife sitilemba?

Ndiye chigamulo changa aphunzitsi ndi ichi, ndipo sindikukayika. Pofotokoza mmene makina alili, nenani kuti ndi opendekera mbali imodzi. Pofotokoza zimene amachita akamapereka zotsatira, nenani kuti amakondera. Tsankho mulisungire anthu, amene analichita kale nkulisiya m'mafayilo, ndi amene akudziwa kuti makina awo akukondera koma nkumawagwiritsabe ntchito. Koma musalifafanize m'phunziro ayi, chifukwa mtsikana amene CV yake yatayidwa ndi pulogalamu, chimene chamugwera ndi tsankho ndithu ngakhale palibe munthu anamuyang'ana kumaso. Mwana uja mumuyankhe kuti zoona makina alibe mtima, koma amene anasankha zowaphunzitsa, amene anasankha choti ayeze, ndi amene anavomereza kuti ayambe kugwira ntchito asanawayese pa anthu a mitundu yonse, onsewo mitima ali nayo.

Mawu achizungu aja oti 'bias' alembeni pa bolodi kamodzi ndi kalembedwe kake kenikeni, chifukwa mayeso a MANEB a phunziro lanu amabwera mchizungu ndipo m'mabuku ndi pa intaneti ndi amene akakumane nawo. Koma zokambirana zichitike mChichewa, ndipo homuweki yoyamba ikhale yoti aliyense alembe ndime imodzi mChichewa yofotokoza njira imodzi imene makina amapendekerera, ndi chitsanzo cha kumudzi kwawo. Zolemba bwino mutitumizire, tidzaziika pano.