Amachinya pa zokonzekera koma pa masewero amaphonya

FUNSO: Ndimakhala ku Rosettenville, ndipo Loweruka lililonse ndimaphunzitsa mpira wa manja atsikana a mabanja a Amalawi anzathu kuno ku Joni. Mwana wanga wa zaka 13 amaima malo amodzi n'kuponya mipira makumi asanu, yambiri n'kulowa, koma tikakumana ndi timu ina dzanja lake limakhala ngati la wina. Kodi ndimuwonjezere maola? — Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, maola musawonjezere, chofunika kusintha ndi kachitidwe ka zokonzekerazo. Zimene mwanayo akuchita, kubwereza chinthu chimodzi pa malo amodzi popanda womusokoneza, n'zothandiza kwa amene akungoyamba kumene, chifukwa zimamuzoloweretsa kaimidwe ka miyendo, kapindidwe ka mawondo ndi katulutsidwe ka mpira m'zala. Koma iye gawo limenelo anadutsa kale. Pa masewero enieni saponya kawiri ali pa malo omwewo: amalandira mpira akupuma mwawefuwefu, wotchinga wake waima masentimita 90 okha kutsogolo kwake mikono ili m'mwamba, ndipo malamulo amamupatsa masekondi atatu basi kuti mpirawo uchoke m'manja.

Nkhaniyi akatswiri anaifufuza kale. Mu 1979 Shea ndi Morgan, ofufuza a ku America, anaphunzitsa anthu mayendetsedwe atatu a mkono. Gulu lina linkabwereza amodzi mpaka kumaliza lisanapite pa ena, pomwe lina linkasakaniza onse atatu. Pa nthawi yophunzirayo obwereza ndi amene ankaoneka akatswiri, koma atawayesanso patapita masiku khumi, osakaniza aja ndiwo anachita bwino. Chifukwa chake n'choti munthu akamasakaniza, ubongo umakakamizika kuganiza mwatsopano pa kuponya kulikonse, pomwe wobwereza amangotsanzira zimene dzanja lachita posachedwapa.

Choncho Loweruka likubwerali jambulani ndi choko malo asanu mkati mwa chigawo choponyera, ena pafupi ndi mtengo wa golo, ena kutali, ena cham'mbali. Mtsikana wina amupatsire mpira, inu mutchule malo, iye athamangire pamenepo, alandire, aponye kamodzi kokha n'kusuntha. Akayamba kuzolowera, muikireni mnzake womutchinga, ndipo muziwerenga mokweza mpaka katatu. Ndikuchenjezeretu kuti mipira yolowa idzachepa, mwina mwanayo adzakhumudwa n'kuyamba kudzikayikira. Apa mpamene makochi ambiri amabwerera m'mbuyo, ndipo ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa amasiya njira yabwino pa nthawi yomwe yayamba kugwira ntchito. Mufotokozereni zimenezi musanayambe.

Chinanso ndi chakuti Loweruka lokha n'losakwanira, ngakhale mutatha tsiku lonse pabwalo. Ku Britain, Baddeley ndi Longman anasonyeza mu 1978 kuti ogwira ntchito ku positi ofesi amene ankaphunzira kutayipa ola limodzi pa tsiku anafunika maola ochepa kuti adziwe poyerekeza ndi amene ankaphunzira maola anayi pa tsiku. Ndikudziwa kuti kuno ambiri timaweruka mochedwa, ndipo mu June ndi July kumada msanga, kuzizira kuli tsoo, koma mphindi makumi awiri akangoweruka kusukulu, katatu pa sabata, zingamupindulire kuposa maola atatu a tsiku limodzi. Ngati pakhomo pali malo, mangirirani mkombero pa mtengo, muyeze kutalika kwa mamita 3.05 monga zimakhalira pabwalo.

Kuponya musakuduledule m'zigawo kupatula pamene mwaona cholakwika chenicheni, monga chigongono chothawira kumbali. Mukakonza chimenecho, abwerere msanga ku kuponya konse. Masiku amene sangathe kutuluka, akhale pansi, atsinzine, adzione m'maganizo akulandira mpira n'kuuponya, kapena muonere limodzi mavidiyo a Mwai Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 2015 ku Sydney. Auzeni atsikanawo ayang'anitsitse zimene amachita ndi mapazi mpira usanafike m'manja mwake.