Château Rayas ndi esiteti, munda, kapena nyumba yachifumu?

Achimwene ena amene amaperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Cape Town andilembera. Akuti bwana wawo wapeza mabotolo ochepa a Château Rayas, vinyo wa ku France amene anthu amachita kulimbirana, ndiye iwo amafuna afotokozere anzawo pa gulu la WhatsApp koma Chichewa chake chikuwathawa. Akufunsa kuti malowa tiwatchule kuti nyumba yachifumu kapena esiteti, eni ake poti sakonda kuonana ndi anthu tinene kuti ndi odzikonda, komanso ngati vinyo timafulula ngati mowa.

Achimwene, za nyumba yachifumuzo zisiyeni kaye. N'zoona kuti château pa Chifalansa ndi chinyumba cha anthu apamwamba, koma pa botolo la vinyo mawuwa amangotanthauza malo amene mphesazo zalimidwa ndi kupangidwa vinyo, ndipo ku Rayas kulibe chinyumba choti munthu n'kuimirira kujambula, ndi nyumba wamba yakale basi, mpaka alendo amavutika kuipeza chifukwa eni ake sanadzivutitse ndi zikwangwani zolozera njira. Nyumba yachifumu yeniyeni ili m'dzina la deralo, Châteauneuf-du-Pape, kutanthauza nyumba yatsopano ya papa. Apapa anakhala mumzinda wa Avignon ku France kuyambira 1309 mpaka 1377, ndipo Papa John XXII ndi amene anamangitsa chinyumba pa phiri la mudziwo, lero kwangotsala bwinja. Mudzi wake uli pakati pa Avignon ndi Orange, kufupi ndi mtsinje wa Rhône.

Esiteti nayo sindikuikonda apa. Mukangonena esiteti, munthu wa kwathu amaona tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, mtunda wonse kubiriwira, mathirakitala, makomboni, akapitawo. Pomwe mipesa ya ku Rayas sikwana ndi mahekitala 15 omwe, mu dera limene lili ndi mahekitala opitirira 3,000 a mphesa. Ndiye ingonenani kuti munda wamphesa wa banja la Reynaud, mawu oti munda wamphesa tinawazolowera kale ku tchalitchi, palibe amene angasokonezeke. Dzina lenilenilo lisiyeni momwe lilili, Château Rayas, osalimasulira. Pomwepo samalani kachilembo kamodzi kamene ambiri amakaphonya pa foni: mpesa ndi chomeracho, mpesa uwu, mipesa iyi, pomwe mphesa ndi zipatso zake, mphesa izi. Mumadzala mpesa, mumathyola mphesa.

Tsopano za eni akewo, apa ndi pamene mungamulakwire munthu. Banjali lili pa malowa kuyambira 1880. Jacques Reynaud, amene anamwalira mu 1997, ndiye anatchuka kwambiri ndi kuthawa alendo, moti anthu a vinyo amakonda kusimba zoti ankatha kubisala mu ngalande akaona galimoto ikubwera, kaya zinachitikadi choncho kaya anazithira mchere. Atamwalira, amene analowa m'malo ndi Emmanuel Reynaud, mwana wa mchimwene wake wa Jacques, nayenso za atolankhani ndi zotsatsa malonda sankazifuna. Koma odzikonda ayi. Wodzikonda ndi munthu amene amadya yekha, saganizira mnzake. Wodzikuza ndi amene amadziona wapamwamba. Wosachezeka ikuyandikirako koma ili ndi kamnyozo, ngati mukunena za neba amene sayankha moni. Ine ndinganene kuti ndi anthu obindikira, kapena mophweka, sakonda zoonekera. Kubindikira ndi kudzitsekera dala kuti uchite zako popanda wokusokoneza, ndipo ndi zomwe zikuchitika apa.

Ndipo kudzipatulako kuli ngakhale mu dothi lawo. Minda yambiri yotchuka ya m'derali ili ndi miyala yobulungira, imene imasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku. Ku Rayas ndi mchenga, minda yake yazunguliridwa ndi mitengo ya paini, ndi pozizirirapo, mphesa zimapsa mochedwa ndipo zimabereka zochepa. Malamulo a deralo, amene boma linavomereza mu 1936, amalola mitundu 13 ya mphesa, ambiri amasakaniza, koma vinyo wofiira wa Rayas ndi wa mphesa za mtundu wa Grenache zokha. Mabotolo amatuluka ochepa, ofuna ndi dziko lonse, mtengo nkumangokwera. Apa musangoti vinyo wosowa n'kusiyira pomwepo, wina amva ngati wasokera, nenani kuti ndi wosowa kupeza kapena wolimbirana.

Kufulula n'kwa mowa wamasese ndi thobwa, zachimera, zophika pamoto. Kachasu timatcheza. Vinyo saphikidwa, amathyola mphesa, kuziponda kapena kuzifinya, madziwo n'kuwira okha, kenako n'kukhala m'migolo yamatabwa. Ndiye nenani kupanga vinyo, sizichita kufuna mawu apadera. Chimene musayerekeze ndi kulemba kuti vinyoyo wasasa pofuna kunena kuti wawira bwino, chifukwa vinyo wosasa ndi viniga, botolo la ndalama zonsezo mwalisandutsa chothira mu tchipisi.

Simunafunse koma ndikudziwa kuti mukumana nazo pa thebulo: vinyo amene azungu amamutchula ngati wouma uja ife timati wosatsekemera, chakumwa sichiuma. Rayas ali ndi woyeranso, wa Grenache blanc ndi Clairette, ndipo mawu oti vinyo woyera ndi olondola, kungoti mukalembera agogo a ku mpingo onjezeranipo kuti woyera mtundu, angaganize za Mgonero. Vinyo ali m'gulu limodzi ndi fodya, timati vinyo uyu, vinyo wake, osati vinyo iyi ngati momwe ndaonera mu uthenga wanu.