Achemwali ofuna kupalasa njinga ku France ndi ana: pitani ku Canal de Garonne

Achemwali, funso lanu lija ndaliona. Mukuti muli ku Britain konkuno, mukufuna holide ya sabata imodzi mu Ogasiti ndi bambo akunyumba ndi ana awiri, wina zaka 9 wina 12, mupalase njinga kumidzi ya ku France koma musamalimbane ndi magalimoto chifukwa inuyo njinga munaisiya kalekale. Ndaona ena akuti Loire, ena akuti Canal du Midi. Ine ndikuti pitani ku Canal de Garonne, kuyambira chakufupi ndi Bordeaux kukathera ku Toulouse. Konse kutatu ndinapalasako, ndipo ndikakhala ndi ana iyi ndiye njira yokhayo yomwe mtima wanga umakhala m'malo tsiku lonse.

Choyamba mugwire mawu awiri awa chifukwa ndi amene amasokoneza anthu pa mapu. Akalemba kuti voie verte ndiye kuti ndi njira ya njinga ndi oyenda pansi basi, galimoto siloledwa, nthawi zambiri imakhala njanji yakale yomwe anazula n'kuthira tala, kapena kanjira ka m'mbali mwa ngalande komwe kale mahatchi ankakokera maboti. Akalemba kuti véloroute ndi nkhani ina, imeneyo imasakaniza, pena muli panokha pena akulowetsani mu msewu waung'ono wa kumudzi momwe mumadutsa magalimoto ndi mathirakitala. Loire à Vélo ndi yotero. Ndi yokongola zedi, makilomita pafupifupi 900, nyumba zachifumu zija za ku Amboise ndi ku Saumur mumaziona ndithu, koma mbali zambiri mumagawana msewu ndi magalimoto olo akhale ochepa, ndiye kwa munthu amene wanena poyera kuti akuopa galimoto sindingamuuze kuti ayambire kumeneko.

Canal du Midi ndi ngalande yotchuka, anayamba kuikumba Pierre-Paul Riquet mu 1666, inamalizidwa mu 1681 ndipo ili pa m'ndandanda wa UNESCO, koma kutchuka kwake n'kwa maboti. Ukachoka ku Toulouse tala amakhala bwinobwino kwa makilomita ngati 50, ukapitirira pamenepo malo ena ndi fumbi, miyala ndi mizu ya mitengo, mvula ikagwa matope okhaokha. Mwana wanga anagwa kawiri tsiku limodzi pa mizu imeneyo ndipo madzi ali pompo pambali, ine thupi linachita kuzizira. Komanso mitengo yambiri ikuluikulu ija anaidula chifukwa cha matenda a mafangasi, ndiye malo ena mthunzi palibe, mu Ogasiti dzuwa la kumeneko si lamasewera.

Tsono Canal de Garonne. Ndi ngalande ya makilomita 193 kuchokera ku Castets-en-Dorthe mpaka ku Toulouse, anamaliza kuikumba mu 1856, ndipo kanjira ka m'mbali mwake ndi ka tala pafupifupi konse, kosalala, kopanda chitunda kupatula tizitunda tating'ono tokwerera pa mlatho kapena pa écluse, zitseko zamadzi zija zomwe maboti amakwerera ndi kutsikira. Zilipo 53 ndipo ana amazikonda kwabasi, mudzaima kangapo kudikira kuti aone boti likukwera ndi madzi. Mitengo ya platane ili mbali zonse ziwiri mtunda wautali, nthambi zinakumana pamwamba, umapalasa mumthunzi kumangomva mbalame ndi tcheni cha njinga yako. Ine tsiku loyamba ndinazindikira kuti ndatha maola awiri osacheuka kumbuyo olo kamodzi kuona ngati kukubwera galimoto, ndipo chimenecho ndi chomwe mukufunacho eti.

Ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Tsikirani ndege ku Bordeaux, mubwereke njinga konko, alipo makampani omwe amalola kutenga ku Bordeaux n'kukasiya ku Toulouse ngakhale mtengo umakwerako. Musavutike kunyamula zanu pa ndege. Pobwereka muuze akupatseni zikwama za pa kaliyala, pampu, chubu chapadera ndi zomatira, ndipo chishalo muchiyese pomwepo musanachoke, chikakhala cholimba kwambiri sinthitsani, masiku asanu pa chishalo cholakwika holide yonse imaipa. Kuchoka mu Bordeaux pali njira yabwino yotchedwa Roger Lapébie, dzina la munthu yemwe anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1937, ndi njanji yakale ya makilomita ngati 55 yodutsa ku Créon mpaka ku Sauveterre-de-Guyenne, m'minda ya mpesa. Vuto ndi loti ikathera pamenepo, kuti mukafike ku ngalande pali makilomita ena ngati 20 a msewu wamba wa zitunda. Ndi ana ine ndingati palasani Lapébie tsiku limodzi kupita ku Créon n'kubwerera ngati kuyesa miyendo, kenako mawa lake kwerani sitima ya TER, sitima ya m'chigawo yoima m'matauni ang'onoang'ono, ndi njinga zanu mukatsike ku La Réole, muwoloke mtsinje wa Garonne, pang'ono pokha mwafika pa ngalande.

Kuyambira pamenepo musathamange. Makilomita 35 kapena 40 patsiku akukwana, mwana wa zaka 9 amakwanitsa bwinobwino pamalo osalala chonchi bola muziima pafupipafupi. Pa Meilhan-sur-Garonne siyani njinga mukwere pamwamba pa mudzi muone mtsinje ndi ngalande zili pansi panu. Pa Le Mas-d'Agenais musadutse, chonde. Ndi kamudzi kakang'ono koma mu tchalitchi chake muli chithunzi cha Yesu ali pamtanda chomwe anajambula Rembrandt mu 1631, chenichenicho, ndipo umangolowa ngati mmene ungalowere mu tchalitchi china chilichonse. Ine ndinakhala pa benchi mphindi zambiri ndili chete, thukuta lili kamukamu, sindinayembekezere kuti chindigwira mtima chonchija.

Ku Agen ngalande imawoloka mtsinje pa mlatho, madzi pamwamba pa madzi, mlatho wa miyala wa zipata 23 wotalika kupitirira theka la kilomita. Kanjira kake n'kopapatiza ndiye ana atsike azikankha njinga. Mugule ma pruneaux, zipatso zouma zija zomwe tauniyi imadziwika nazo, zimathandiza njala ya m'njira koma ana asadye zambiri nthawi imodzi, zimatsegula m'mimba. Kuchoka apo kupita ku Moissac ndi makilomita ngati 45, m'njira mudzaona nsanja zikuluzikulu zofuka nthunzi pa Golfech, ndi malo opangira magetsi a nyukiliya musadabwe. Moissac yokha ipatseni tsiku lathunthu. Kuli nyumba ya amonke yakale yomwe bwalo lake la mizati linamalizidwa mu 1100, mizati yambiri anaisema nkhani zosiyanasiyana, zambiri za m'Baibulo, ana anga ankapikisana kuzindikira kuti uyu ndi Danieli uyu ndi Davide. Kumapeto kwa Ogasiti mphesa zawo za chasselas zimakhala zayamba kupsa. Mukangotuluka m'tauni pali mlatho wina wa ngalande wa njerwa zofiira wowoloka mtsinje wa Tarn, kenako Castelsarrasin, kenako Montech komwe kuli chimakina chomwe chinkakankha madzi ndi boti lomwe kukwera chitunda, pano chinasiya ntchito anthu amangokaona.

Ndikuuzeni zoona, chigawo chomaliza cholowera ku Toulouse sichikoma kwenikweni, ndi chowongoka, njanji pambali ndi mafakitale, ndipo pena kumaomba mphepo yomwe iwo amati autan yochokera kutsogolo kwanu. Ana akatopa musawakakamize. Ubwino wa njira iyi ndi woti njanji ya Bordeaux kupita ku Toulouse imayenda chifupi ndi ngalande, masiteshoni ali ku Marmande, Agen, Valence d'Agen, Moissac, Castelsarrasin, ndiye tsiku lililonse muli ndi pothawira. TER imanyamula njinga, koma nyengo ya holide sitima zina zimafuna kuti musungitse malo a njinga, onani pa intaneti dzulo lake. TGV, sitima yothamanga kwambiri ija, ipeweni, malo a njinga ndi ochepa ndipo amalipiritsa.

Za chakudya ndiye mumvetsere chifukwa apa ndi pomwe ife tinavutika. Kumidzi ya ku France masitolo amatseka cha m'ma 12 koloko kapena hafu pasiti mpaka 2 kapena 3 masana, Lamulungu masana kotseka, Lolemba malo ambiri kotsekanso. Tsiku lina tinafika pamudzi wina 1 koloko, buledi tilibe, madzi atha, wamng'ono akulira, ndinadzimvera chisoni kwambiri. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse timayamba ku boulangerie kugula buledi, kenako tchizi, tomato ndi zipatso, n'kuika m'chikwama tisanapalase. Ndipo mukalowa mu sitolo iliyonse yambani ndi bonjour musanafunse kanthu, kwa iwo kulowa osapereka moni ndi mwano ngati mmene zilili kwathu. Olo Chifalansa chanu chithere pomwepo adzakuthandizani.

Madzi, gogo wina ndi amene anatilozera kumanda. Ndikudziwa kuti kwa ife zikumveka zachilendo, kwathu sulowa kumanda popanda amfumu kudziwa, ine ndinaima kaye pageti mtima ukukana. Koma kumeneko pafupifupi manda a mudzi uliwonse ali ndi mpopi wothirira maluwa ndipo opalasa njinga amatunga momwemo, palibe amene amadabwa. Pakalembedwa kuti eau non potable musamwe. Ngati mtima wanu sukulola, pemphani pa bala kapena pa ofesi ya alendo akudzazireni mabotolo.

Pogona yang'anani chizindikiro cha Accueil Vélo, chimatanthauza kuti malowo ali pasanathe makilomita 5 kuchokera pa njira ndipo ali ndi pokhoma njinga usiku ndi zida zokonzera. Ngati bajeti ili yothina, ma camping municipal a khonsolo ndi otchipa ndipo ambiri ndi aukhondo, koma tenti ndi katundu wolemera, ulendo woyamba ine ndingati gonani mu ma chambre d'hôtes, nyumba za anthu zomwe amakupatsani chipinda ndi kadzutsa. Ogasiti ndi mwezi womwe Afalansa eni ake amapita ku holide ndiye sungitsani malo panopa. Ndipo kutentha kumatha kupitirira madigiri 35, muzinyamuka 7 koloko kuti pofika 12 mukhale mwamaliza, masana ana akasambire ku dziwe la khonsolo. Mu ngalande sasambamo.

Malamulo ndi ochepa. Mwana wosakwana zaka 12 ayenera kuvala helemeti, ndi lamulo kuyambira 2017, koma avaleni nonse basi. Mahedifoni m'makutu popalasa ndi oletsedwa. Chachikulu, amayendera kumanja, osati kumanzere ngati kwathu ndi ku Britain kuno, ndipo pomwe munthu amaiwala ndi m'mawa ponyamuka kapena potuluka pa ngalande kulowa m'mudzi, ndiye wamkulu mmodzi azikhala patsogolo wina kumbuyo ana pakati.

Pomaliza pasipoti. Ngati muli ndi ya Malawi mukufunika visa ya Schengen, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku France. Wamkulu amalipira mayuro 90, ana osakwana zaka 12 ndi yotsikirapo, ndipo adzafuna kuona matikiti, inshuwalansi ya paulendo ndi pogona pa usiku uliwonse, ndiye malo aja muwasungitse kaye mutenge omwe amalola kusintha tsiku. Masiku okaonekera amadzaza msanga ikamayandikira nyengo yotentha, yambani sabata ino. Mukasankha masiku enieni ndiuzeni, ndikugawirani makilomita a tsiku lililonse molingana ndi komwe mwapeza pogona.