Batire la 3600 mAh la PSP: ndigule kapena ndilisiye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene amawerenga zolemba zanga. Akuti achimwene awo a ku Johannesburg anawatumizira PSP-3000 (kamakina ka m'manja ka Sony kosewerera magemu) yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo mwana wawo amaikonda kwambiri, makamaka madzulo magetsi akazima. Vuto ndi loti batire likumatha mphindi 40 zisanakwane. Pa intaneti aona batire lotchipa lolembedwa 3600 mAh, lofanana kukula ndi limene lili m'makinamo, lomwe lalembedwa 1200 mAh. Funso lawo ndi lakuti, akagula limeneli, kodi mwanayo azisewera nthawi yotalika katatu?

Achimwene, zikomo polemba. Batire limenelo lisiyeni, ndalama zanu zingopita pachabe. Njira yowonjezera nthawi yosewera ilipo ndithu, koma si imeneyo.

Musanagule kalikonse, tsegulani kachivundikiro kakumbuyo mutulutse batire limene lilimolo, muliike pa tebulo losalala. Ngati likugwedera, kapena mwaona kuti lafufuma pamimba, kapena kachivundikiro kamavuta kutseka, musalibwezeremo. PSP-3000 inatuluka mu 2008 ndipo Sony inasiya kutumiza makina a PSP m'masitolo mu 2014, choncho batire limene linabwera ndi makinawo ndi lokalamba kwambiri. Batire la lithium likakalamba limatulutsa mpweya m'kati mwake n'kutupa. Lotupalo musaliboole ndi msomali kapena kulifinya kuti libwerere mwakale, ndipo chonde musalitaye kudzala kumene mumawotcha zinyalala, chifukwa limaphulika pamoto. Matani selotepi pa tizitsulo take, muliike m'chitini kutali ndi ana, mukafunse kwa okonza mafoni mmene amatayira awo.

Tsopano za nambala ija. mAh ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene batire lingasunge, monga mmene malita alili pa chigubu. Chigubu cha malita 5 ngakhale mutachilemba 20 ndi penti, madzi olowamo ndi omwe aja. Batire la PSP-2000 ndi PSP-3000, limene Sony inalitcha PSP-S110, ndi lopyapyala, la 3.6V ndi 1200 mAh. PSP yoyamba ija, PSP-1000 ya mu 2004, inali yonenepa ndipo batire lake, PSP-110, linali la 1800 mAh. Pamene Sony eni ake anafuna kupanga lalikulu kuposa pamenepo, anafika pa 2200 mAh, ndipo kuti lilowe mu PSP yopyapyala ankaligulitsa pamodzi ndi chivundikiro china chotukuka kumbuyo. Ndiye taganizani: eni makinawo anafunika malo owonjezera kuti afike pa 2200, koma wina akuti wapanikiza 3600 m'kabokosi kopyapyala komwe kaja, n'kumagulitsanso motchipa. N'zoona kuti mabatire a masiku ano amasunga magetsi ochulukirapo kusiyana ndi a mu 2008, koma osati katatu.

Ndikunena izi chifukwa ndinaligulapo lotere. Tsiku loyamba linaonetsa 100%, ndinasewera pang'ono, linatsika kufika cha m'ma 60, kenaka makina anangozima osachenjeza, gemu ndisanaseve. Nditalitsegula ndi kampeni ndinapeza kaselo (kachigawo kosunga magetsi enieniwo) kakang'ono, kosadzaza ngakhale theka la bokosi, ndipo malo otsalawo anatsekamo kasiponji kuti kasamagwedere. M'manja linkapepuka kuposa lakale la Sony lija. Kuyambira pamenepo batire lililonse ndimayamba ndaliyeza kulemera kwake m'manja ndisanawerenge zolembedwa pa pepala lake.

Kuzima kosachenjezako kuli ndi chifukwa chake. Mukayang'ana batire la PSP muona tizitsulo titatu. Tiwiri takumbali ndi tamagetsi, kapakatiko ndi kolankhulirana. M'kati mwa batire muli kabolodi kakang'ono kamene kamauza makina kuti magetsi atsala ochuluka bwanji, komanso kamateteza selo kuti isatchajidwe mopitirira kapena kutheratu. Zimene mumaona mukalowa ku System Settings n'kusankha Battery Information zimachokera pa kabolodi kameneka. Mabatire achinyengo amakhala ndi kabolodi kosalongosoka, kongonena manambala osagwirizana ndi zimene zili m'selo. Ena makina amawakana kumene, nyali ya chaja n'kumangophethira osatchaja.

Nanga mutani? Zimatengera chimene mukufuna.

Ngati cholinga ndi choti mwana azisewera madzulo onse, batire latsopano la 1200 mAh yeniyeni likukwanirani. Mphindi 40 mukuzionazo si chifukwa choti 1200 ndi yochepa, koma kuti batire lanulo latha ntchito ndipo mwina likusunga kagawo kochepa chabe ka mphamvu zake zakale. Latsopano labwino liyenera kukupatsani maola angapo. Ine ndikaona wogulitsa walemba nambala yodzichepetsa, 1200 kapena yoposerapo pang'ono, ndimamukhulupirira kuposa wolemba 3600.

Ngati mukufunadi lalikulu, funani la kukula kwa PSP-1000, la 1800 kapena 2200 mAh. Limalowa mu PSP-3000 ndipo tizitsulo timagwirizana, koma kachivundikiro kanu sikatseka. Muyenera kugulanso chivundikiro chotukuka chija, ndipo muwauze achimwene anuwo kuti afunefune zonse ziwiri pamodzi. Ena amangomata ndi tepi, koma pa makina a mwana sindingakulangizeni zimenezo, chifukwa akangowagwetsa batire lituluka. Dziwaninso kuti batire lenileni la Sony lopezeka lero, ngakhale likhale m'paketi yosatsegula, lagona zaka zambiri pa shelefu, ndipo lithium imakalamba ngakhale isakugwira ntchito. Achimwene anuwo akamabwera nalo pa ndege, alisunge m'chikwama cha m'manja, chifukwa mabatire apadera a lithium saloledwa m'katundu wopita kunsi kwa ndege.

Njira imene ine ndimaikonda ndi yachitatu, ngakhale imafuna munthu wa manja abwino. Batire lanu lakalelo, ngati ndi la Sony lenileni, nthawi zambiri chimene chafa ndi selo yokha, kabolodi kakadali kabwino, ndipo n'kabwino kuposa kamene mungapeze m'batire lotchipa lililonse. Wokonza mafoni wodziwa ntchito akhoza kutsegula bokosilo mosamala potsata msoko wake, kuchotsa selo yakufayo, n'kuwotcherera ina yatsopano ya lithium ya 3.7V yokwana bwino m'bokosimo. Kusiyana kwa 3.6V ndi 3.7V kusakudetseni nkhawa, ndi mtundu umodzi wa selo ndipo zonse zimadzaza pa 4.2V. Zofunika kusamala ndi izi: waya wa + apite pa +, wa − pa −, chifukwa akasemphanitsa kabolodi kapsa nthawi yomweyo; asakhalitse chowotcherera pa selo, kutentha kumaiwononga; ndipo selo isapanikizike, pakhale kampata pang'ono. Muumirire kuti selo ikhale yatsopano, osati yozula m'foni yakufa. Mukatero, masiku oyambirira peresenti ikhoza kumasokonekera, koma mukalitchaja mpaka kudzaza n'kuligwiritsa ntchito mpaka kutha kangapo, nthawi zambiri imakhazikika. Ngati batire lakale lija ndi lotupa kwambiri, wokonzayo asamale potsegula, mpeni usakhudze selo.

Pali zinanso zosalira ndalama zimene zimawonjezera nthawi kuposa mmene anthu amaganizira. Chimbale cha masewera a PSP, chotchedwa UMD, chimazunguliridwa ndi kamota, ndipo kamotako kamadya batire, choncho masewera okhala pa Memory Stick (memori khadi ya PSP) amasunga magetsi. Kaswitchi ka WLAN (Wi-Fi) kali pamwamba pa makinawo kakhale kozimitsa ngati mwana sakusewera ndi anzake. Sikirini ayichepetse kuwala ndi kabatani kali pansi pake. Usiku magetsi atazima kuwala kochepetsetsa kumakwana bwinobwino. Mahedifoni nawonso amadya pang'ono kusiyana ndi masipika okweza mpaka kumapeto.

Ndipo ngati pakhomo pali kale power bank ya foni, mwina simukufunikanso batire lalikulu n'komwe. PSP imatchajidwa ndi 5V, ofanana ndi a USB. Pali kachingwe kokhala ndi USB mbali imodzi ndi kamutu kozungulira mbali inayo, kolowa pa kabowo kachikasu ka chaja pansi pa makinawo. Muyeso wa kamutuko ndi 4.0 mm kunja ndi 1.7 mm m'kati, muutchule pogula chifukwa timitu totere timafanana m'maso. Kugwiritsa ntchito kabowo kameneka n'kwabwino kuposa kutchajira pa mini-USB yapamwamba, imene imachedwa ndipo sithandiza batire likatheratu makina n'kukana kuyaka.

Batire lililonse limene mugule, liyeseni tsiku lomwelo. Litchajeni mpaka nyali ya olenji izime, yatsani gemu imodzi, lembani nthawi, musiye mpaka makina azime okha. Likalephera kufika maola awiri, libwezeni msanga kwa wogulitsa. Mundilemberenso mundiuze maola amene mwapeza ndi zimene zalembedwa pa batirelo, kuti ndidzathe kuwauza ena ofunsa funso lomweli.